Ulusi Paphewa

Pasiteji ya basi, mayi wina ndi bambo wachipewa, anthu osadziwana, ankacheza chapansipansi.

"Mwamva, bambo? Akuti thumba la boma labooka. Tsopano akufuna msonkho kwa aliyense, ngakhale wogulitsa pakhonde."

"Ndamva, mayi. Dzulo anafika kwa wometa wa kwathu. Atalephera kulipira, anamulanda makina ometera."

"Mayo ine! Nanga eni nyumba zosanja zija?"

"Amenewo ali ndi mipanda ndi agalu. Wamsonkho amalowa pomwe palibe geti."

"Ine makina anga osokera ndinawalowetsa kuchipinda. Ndimasoka nditakweza wailesi kuti aneba asamve."

"Ndiye makasitomala amakupezani bwanji?"

"Amalowera kuseri ngati akudzagula chamba, chonsecho akudzatenga madiresi a ana! Akangondilanda makinawo, ana anga adzadya chiyani? Bambo awo anamwalira."

"Tsitsani mawu, mayi. Kumbuyo kwanuko kwaima wina wa malaya oyera. Wafika kumene, koma sakuyang'ana basi ayi."

"Ndi iwowo?"

"Sindikudziwa, masiku ano savala yunifolomu. Musacheuke. Ingochotsani pang'onopang'ono ulusi uli paphewa panupo."