Makina Olira M'khutu Langa Lokha

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Amayi, ndakuonani. Abambo, ndakuonani. Inu a kwaya khalani pansi mupume, nkhani yangayi si yovinira.

Ine ndine Sitefano, uja mumandiona ndi dengu la tomato pa siteshoni ya Utale. Ambiri mumati ndine munthu wosayankhula. Lero ndiyankhula. Ndili ndi mawu amene ndinayenera kuuza mkazi wanga, amake Lute, ndipo sindinawauze. Mawu amenewo ndi amene andiimika pano.

Ndinene poyamba: sindikudandaula boma, iyayi. Sinditchula munthu dzina. Wolakwa pa nkhaniyi ndi uyu waima pamaso panuyu.

Ndinapita ku Joni, kumigodi, ndili ndi mphamvu zanga zonse. Ponyamuka ndinalonjeza amake Lute malata. Ndinali mkamwini pamudzi pawo, ndiye ndinkafuna apongozi aleke kundiyesa mlendo wodzangodya.

Ku komponi kumene tinkagona ife a m'migodi, mkulu wina wa kwathu kuno anatiuza kuti kalekale bwato la amalonda a minyanga linagubuduzika pa dooko la Rivirivi, ndipo bokosi la ndalama zakale, marupiya a siliva, linamira pomwepo. Anzanga anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa dookolo ndinkalidziwa, lili kumunsi kwa dimba lathu. Mkuluyo ataona maso anga ananditengera pambali nati, "Mwana wanga, chuma cha m'madzi chili ndi eni ake. Ukangouza munthu, ngakhale wogona naye mphasa imodzi, chimasamuka. Ukatseke pakamwa."

Abale, mawu amenewo ndinawameza kuposa mmene ndinamezera katekisimu.

Ntchito itatha ndinalowa m'sitolo ina ya Mmwenye yogulitsa makina ofufuzira zitsulo. Anandiyalira atatu pa tebulo. Oyamba anali a kumtunda, a kasingano kogwedezeka. Anati amenewo akangonyowa, afa. Achiwiri anali ndi ndodo yaitali, kunsi kwake chimbale chozungulira chomiza m'madzi, ndipo chikayandikira chitsulo ankalira mokuwa ngati nkhanga, aliyense n'kumva. Achitatu anali omata mphira paliponse, a waya wautali, okhala ndi zovala kumakutu zonga za oyendetsa ndege. Amenewo ankalira m'khutu mwa mwini wake yekha.

Mmwenye uja anandifunsa kuya kwa madzi ake. Ndinaloza m'chiuno. Anati, "Tenga okuwawa, akukwanira, ndiponso ndi otchipa." Munthuyo sankandibera, abale, ankandithandiza. Koma ine ndinaganiza: makina okuwa adzaitana mudzi wonse, chuma n'kusamuka. Ndinaloza achitatu aja. Malata onse a amake Lute anathera pa tebulo limenelo.

Ndinafika pamudzi njanji ya ku Nayuchi idakali yatsopano. Amake Lute anandilandira katundu, Lute ali kumbuyo. Anafunsa, "Malata aja mwasiya pa siteshoni?"

Ndinati, "Akubwera."

Ataona bokosi lija anati, "Nanga ichi, abambo, ndi wayilesi?"

Ndinati, "Si za akazi."

Si za akazi! Mwamva? Mkazi amene anandidikira zaka ziwiri akulima yekha. Si za akazi.

Chilimwe chonse ndinathera m'madzi. M'mawa anzanga kudimba, ine m'mabango, zovala kumakutu zili phaa, ndodo m'manja, diso limodzi kwa ng'ona. Makina akalira, mtima phaphapha, ndimira, ndifukula matope ndi zala. Msomali. Alira, ndimira. Chitini cha nsomba. Alira, ndimira. Unyolo wa njinga. Chitsulo chilichonse kwa makinawo chinali chuma, ndipo ine ndinali chitsiru chake chokumba.

Tsiku lina ndinavuula khasu lopanda mpini. Ndinakaliponya pabwalo mokwiya. Amake Lute analitola, nakuwa, "Khasu langa! Lija linapita ndi madzi osefukira! Mwalipeza kuti?" Anasekerera ngati ndawabweretsera nsalu. Iwo anakaliika mpini watsopano.

Tsono mukudziwa nyengo ija. Kunali mbiri ya zigawenga zobisala m'mapiri, ndipo munthu ankaopa ngakhale mnzake wodya naye. Amayi otunga madzi ankandiona tsiku ndi tsiku: munthu yekhayekha m'mabango, waya m'khosi, akumvetsera, nthawi zina akudziyankhulira. Akanakhala makina okuwa aja, ana akanabwera kudzaseka, n'kuona kuti ndikutola misomali. Koma awa ankalira m'khutu langa lokha.

Anabwera masana dzuwa lili paliwombo, anthu anayi a boma, galimoto ataisiya pamsewu. Anatulutsa bokosi lija pansi pa kama. Mkulu wawo anatembenukira mkazi wanga nati, "Amayi, makinawa amuna anu amachita nawo chiyani?"

Amake Lute anagwada. Anati, "Ine sindidziwa, abambo. Amangopita m'mabango okha, n'kuvala kumakutu, n'kumamvetsera. Ndikafunsa amati si za akazi."

Basi. Mlandu unathera pamenepo.

Ndikanatha kuyankhula nthawi yomweyo. Ndikanati, bweretsani khasu muone mmene amalirira. Koma Satana anali atandimanga lilime. Chingwe chili m'manja, ine ndikuopabe kuti ndikaulula, marupiya asamuka! Pamene ndinadzaulula kunali kutadutsa masiku atatu, khutu lakumanzereli litaphulika ndi makofi, makina atawaswa kale kuti aone za m'kati. Anapeza mawaya okhaokha. Anati, "Marupiya m'Rivirivi? Ukutiyesa ana? Umayankhula ndi ndani?"

Khoti sindinalione. Ndinangoona chitseko chikutsekeka.

Mvula zinayi, abale. Zinayi. Nsabwe sindinena. Njala sindinena. Chimene chinkandidya kwenikweni chinali mkazi wanga. Ndinkati wandipereka ndi iyeyo. Ndinkati tsiku lotuluka ndikangotenga bulangete langa, ndimusiye osamuyang'ana n'komwe. Pemphero ndinaleka. Ndinkagona ndi chidani, n'kudzuka nacho.

Taonani tsono njira za Mulungu. Sananditumizire m'busa, iyayi. Ananditumizira Msilamu. Che Amidu, mkulu wolima thonje wa ku Chikweo, amene sankadziwa n'komwe chimene anamumangira. Tinkafunda bulangete limodzi. Tsiku lina tikuphwanya miyala ndinamukhuthulira zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anati, "Achimwene, akazi anuwo ananama pati?"

Ndinati, "Sananame."

"Munawauzapo kuti makinawo ndi a chiyani?"

"Iyayi."

"Nanga munkafuna akuwomboleni ndi chiyani? Munawatuma kumadzi opanda ndowa, lero mukuwada kuti sanatunge. Wallahi, wodzimangitsa ndinu nokha. Lapani kwa Mulungu, ndipo mukatuluka mukawauze kuti sanalakwe."

Nyundo inandigwa m'manja. Ndinalira pamaso pa akaidi anzanga ngati mwana. Tsiku limenelo ndinagwada koyamba m'zaka zitatu. Ndinati, Ambuye, sindikupempha marupiya, sindikupempha khutu langa. Ndisungeni ndi moyo ndikanene mawu awiri okha kwa amake Lute.

Chaka chinatha ndikuwayeserera mawuwo mumtima. Kenaka m'mawa wina anangotchula dzina langa, nati pita, usakayankhule.

Ndinatsika sitima pa Utale, miyendo ikuthamanga yokha. Ndinapeza nyumba yathu denga litagwera m'kati. Anatuluka ndi alamu anga, akulu awo a amake Lute. Atandiona anakhala pansi pafumbi, nayamba kulira maliro. Sindinafunse. Ndinadziwa.

Amake Lute anapita dzinja lomwelo, ndi chifuwa. Miyezi inayi yokha ndisanatuluke. Alamu anati, "Anapitako kundende kawiri ndi kamba, kawiri konse anawabweza pa geti. Ndipo tsiku silinkapita osanena kuti, ndinamangitsa mwamuna wanga ndi pakamwa pangapa. Anatsikira nawo kumanda mawu amenewo."

Abale, ndende ija inali yopepuka. Ndende yeniyeni inayamba tsiku limenelo. Ndinapita pa dooko paja, ndinaima m'madzi mpaka m'chifuwa, ndikuti ng'ona ibwere ithane nane. Sinabwere. Ngakhale ng'ona inandikana.

Mwambo wathu mukuudziwa: mkazi akamwalira, mkamwini amamusudzula, abwerere kwawo. Ine ndinamanga kale kamtolo kanga. Koma alamu anatuluka ndi khasu, nati, "Malemu anasiya mawu. Anati akadzabwera musadzamuthamangitse. Dimba alime, alere mwana wake, ndipo khasu ili mudzampatse, ndi limene anandipezera."

Linali khasu lija limene ndinaliponya pabwalo mokwiya. Chinthu chokhacho chimene makina aja anapeza cha phindu, ndipo amene anachizindikira anali iwo.

Lero ndili pano. Ndimalima tomato ndi mpiru m'dimba lomwe lija. Lute anakula, anakwatiwa ku Liwonde, ali ndi ana awiri. Khasu lija linatha, latsala kachitsulo ngati chikhatho, koma lili pakhoma. Malata ndinakhoma, mochedwa. Mvula ikamagwa ndimawamva ndi khutu limodzi, ndili ndekha m'nyumba. Ndikuthokoza Mulungu amene anandichotsa chidani ndisanafe nacho. Ndikuthokoza chifukwa cha Che Amidu, kaya ali moyo kaya anatsala konkuja. Ndikuthokoza alamu anga amene akhala apowo.

Abambo anzanga, chimene simungathe kuuza akazi anu, chisiyeni m'sitolo.

Tsono mundilole ndinene mawu aja. Ndinawasunga kuti ndikanene kuseri, awiriwiri, koma kubisa ndi kumene kunandipha. Ndinena pano, mpingo wonse ukumva.

Amake Lute, simunalakwe. Munanena zoona. Wolakwa ndine.

Amen.