Masamba a Minti pa Sikelo ya Makalata

Pa siteji ya basi pafupi ndi msika wa zinthu zakale ku Alexandria, bambo wina wachikulire ankapukuta kasikelo kamkuwa ndi mpango. Mayi amene anakhala naye pabenchi anatula dengu lake n'kukayang'anitsitsa.

"Haji, kameneko si koyezera makalata?"

"Mwakadziwa bwanji, mayi? Ambiri amati n'koyezera golide. Kunyumba ndili nato tambirimbiri, mpaka akazi anga anatopa nane."

"Mdani wanga ndingamuiwale? Amuna anga ali ku Kuwait, ndinkaika masamba a minti m'kalata kuti tiyi wawo azinunkhira ngati wa kwathu. Wa ku positi akaiika pa kasikelo ngati kameneka ankangoti, 'Yalemera, chotsani.'"

"Ankalola angati?"

"Atatu basi. Enawo ankatsala patebulo pake."

"Atatu okha? Ayi, sizikumveka. Minti muli naye m'dengumo?"

"Wambiri."

"Envulopu ndi pepala ndi izi, kamwala koyezera kalata ya pandege ndi aka. Ikani tione."

"Atatu awo. Lina ili."

"Sikanagwedezeke n'komwe. Wonjezani."

"Haji, ndaikatu nthambi yonse! Kasikelo kanuka n'kabwinobwino?"

"Mayi, nyozani ine, osati sikelo yanga. Onani, kayamba kupendekeka tsopano."

"Basi yanu si iyo ikunyamukayo?"

"Ipite. Ndiye wa ku positiyo masamba otsalawo ankapita nawo kuti?"

"Kuti? Kalanga ine! Munthu uja tambula ya tiyi sinkachoka pambali pake. Zaka zonsezo amuna anga ankandinena kuti ndine woumira, chonsecho ndinkakometsera tiyi mwamuna wa eni ake!"