Nkhono za Mayi Nester Zisapite Kumtsinje

Malemu mayi athu, a Nester Namakhwa, anabadwa pa 14 Malichi 1978 konkuno kwa Nchema, m'banja la bambo Mikaele ndi mayi Veronika Namakhwa. Anali achitatu mwa ana asanu. Amene ndikuwerengane ndine Yamiko, mwana wawo woyamba. Ndangolemba kumene mayeso a Folomu 4 ndipo sindinaimepo pagulu ngati lino, ndiye mawu akamatsika, bambo mfumu ndi nonse anamalira, mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1985 ku pulayimale ya pamishoni. Ali mu Sitandade 6, alongo awo a Simoni anayamba kukodza magazi. Akulu a nthawi imeneyo anati mnyamata wakula, ndi mmene zimakhalira. Zaka zinapita, ndipo pamene ankapita nawo kuchipatala n'kuti impso zitawonongeka kale. Linali likodzo. A Simoni anatisiya mu 1996, mayi athu ali ku sekondale. Nkhaniyi sankaikamba kawirikawiri, koma akangoona ana akusambira kumtsinje wathu wa kumunsiku, nkhope yawo inkasintha.

Mu 1998 anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, kumene anaphunzira sayansi ya mmene mankhwala amagwirira ntchito m'thupi. Mu 2004 anamanga ukwati woyera ndi bambo athu a Lloyd Chikopa, aphunzitsi a ku Namitambo. Mu 2011 anapita ku South Africa kukachita maphunziro a udokotala wa kafukufuku, ndipo atamaliza anabwerera kwawo, ngakhale anzawo ankawauza kuti akubwerera ku mdima.

Kuyambira mu 2015 anagwira ntchito ku labotale ina mu Blantyre. Ntchitoyi ambiri simunaimvetse, ndiye ndiyesa kuifotokoza monga ankandifotokozera. Likodzo limabwera ndi tinyongolotsi timene timakulira m'nkhono za m'madzi, n'kulowa pakhungu la munthu akamasamba kapena kuchapa. Mapiritsi amene timalandira kusukulu aja amapha nyongolotsi zikuluzikulu, koma ting'onoting'ono timapulumuka. Ndipo mankhwala odalirika ndi omwewo basi. Funso limene linkawasowetsa mtendere linali lakuti, tsiku limene mapiritsiwo adzaleke kugwira, tidzatani? Choncho ankapera tinyongolotsi tija n'kumafufuza puloteni imodzi imene nyongolotsi singakhale moyo popanda iyo, koma imene munthu alibe yofanana nayo. Ankati ukaipeza, wapeza pomenya mdani osapweteka mwini thupi.

Kunena zoona, ntchitoyi inawazunza. Mu 2019 magetsi anazima kwa nthawi yaitali, jenereta inakana, ndipo zonse zimene anasunga mufiriji kwa zaka zinawola. Anayambiranso. Mu 2022 amene ankathandiza kafukufukuyo ndi ndalama analeka, chipinda chosungira nkhono n'kupatsidwa kwa ena. Malemu anakana kuzitaya, chifukwa popanda nkhonozo palibe nyongolotsi zoyesera mankhwala. Anabwera nazo kuno m'mabigiri n'kuzitsekera m'kachipinda ka kuseri kaja. Ankazigulira letesi ku Limbe, ife tikudya chigwada, n'kumaseka kuti nkhono zawo zimadya ngati abwana. Dzina lija munawapatsa, lakuti Anankhono, ankalidziwa. Pamsika ankayankha akumwetulira, koma akafika kunyumba kumwetulira kuja kunkatha. Ine ndinkaona.

Mu Januwale 2023 madokotala anawapeza ndi khansa ya m'mawere. Anachitidwa opaleshoni, analandira mankhwala, ndipo pakati pa zonsezo ankadzikokabe kupita ku kachipinda kaja kukasintha madzi, atavala magolovesi. Puloteni imene ankaikayikira anali ataipeza, koma kuyesa kunali kusanathe. Chimene chinkawapweteka kuposa bala chinali chimenechi. Anatisiya Lachitatu pa 2 Okotobala 2024 kuchipatala cha mishoni, atalandira masakalamenti, ali ndi zaka 46.

Apa pepala limene akubanja anandipatsa linkati ndipite ku mayina a otsala. Ndikupepesa, ndawonjezera pang'ono.

Chiyambire maliro ano ndakhala ndikumva m'masiwa kuti malemu anadyedwa ndi nkhono zawo. Ayi ndithu. Khansa ndi khansa, likodzo ndi likodzo. Koma chifukwa cha mawu amenewa, akubanja anagwirizana dzulo kuti mawa posesa, mabigiri onse akakhuthulidwe kumtsinje kuti tsoka lipite ndi madzi. Anzawo a kuntchito, motsogozedwa ndi a Shabani, anapempha kuti azitenge nkhonozo, ndipo anayankhidwa kuti katundu wa malemu satuluka m'nyumba tisanasese. Bambo anayesa kuyankhula, koma pano ndi akamwini, mawu awo anathera pakhonde.

Mwambo wathu sindikuunyoza. Zovala zichapidwe, nyumba isesedwe, timetedwe, zonse tichita. Koma m'mabigirimo muli nkhono zimene malemu anazipatsira dala tizilombo ta likodzo. Mukazithira kumtsinje, tsoka silipita kulikonse. Likhala pompo pamwala pamene amayi mumachapira, pamene ana a pulayimale amawolokera mmawa uliwonse. Munthu wagwira ntchito moyo wake wonse kuti mwana wa pano asakodze magazi, ndiye ife pomulira tikawathirire ana omwewo matendawo ndi manja athu? Ine zikundipweteka kuti ndikunena zimenezi pamaso pa bokosi la mayi anga, pamene zikanatha kumveka dzulo m'nyumba. Ndinayesa, ndinauzidwa kuti ana sayankhula pa zamaliro. Nthawi yokha imene ndapatsidwa ndi ino.

Malemu asiya amuna awo a Lloyd Chikopa, ana awiri, ine Yamiko ndi mlongo wanga Madalo, mayi awo agogo a Veronika, achemwali awo a Josephine ndi a Maureen, komanso alongo awo a Benedict, amene ndi eni mbumba yathu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a limana lathu amene agona pano, adzukulu amene akumba manda, a kwaya, ndi a Shabani ndi anzawo amene sanakwiye atabwezedwa. Galimoto yawo ndi iyo yaima pafupi ndi msewuyo, ndipo inyamuka tikangochoka kumanda.

Malume a Benedict, kiyi wa kachipinda kaja ali m'thumba mwanu. Ndikukupemphani pamaso pa mpingo ndi pamaso pa mudzi, ine mphwanu, kuti tisananyamule bokosi mutsegule, a Shabani atenge nkhonozo. Mukatero tiwaperekeza mayi, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere wa Ambuye.