Mikanda Imene Ndinadula ku Lilongwe

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse. Ndaima pano kuti ndichitire umboni. Mumandidziwa, sindine wa mawu ambiri.

Chinali chaka cha 2023, ine ndili ndi zaka 71. Akazi anga, a Nachisale akhala apowa, anayamba kutaya magazi, chonsecho kumwezi anasiya kalekale. Mimba kutupa, khasu kuwakanika. Mtedza tinali titangodzala kumunda kwathu ku Kapondo. Kuchipatala anatitumiza ku Lilongwe, ati kuli makina otchedwa MRI, ojambula m'kati mwa chiuno popanda kung'amba munthu.

Tinapita. Woyendetsa makinawo anali mwamuna. Mnyamata, abale, wosalala kumaso, wonunkhira mafuta. Anawafunsa mayi ngati ali ndi chitsulo pathupi, poti makinawo amakoka zitsulo mwamphamvu. Ndolo anavula. Kenako anafunsa za m'chiuno, ine ndili pomwepo.

Ana, yang'anani kunja. Akuluakulu mukudziwa chimene chimakhala m'chiuno mwa mayi wapabanja. Mikanda imeneyo ndinagula ine ku Chipata tili achinyamata, ina yagalasi, ina yachitsulo yonyezimira. Mfundo ndinamanga ndekha. Ulusi ukatha tinkasintha ulusi, mikanda yomweyo. Panalibe mwamuna wina woidziwa. Ndiye mwana wadzulo azifunsa za iyo, osaphethira n'komwe.

Ndinati ndilowa nawo. Anandikaniza, ati mwendo wanga uli ndi chitsulo chimene anandiika lole itandigunda pa Kamwendo. Ndiye kuti mkazi wanga avule, avale kansalu kotseguka kumbuyo, agone chagada, chitseko chitsekedwe, ine pabenchi. Ndinafunsa ngati kulibe mayi wodziwa ntchitoyo. Anati tsikulo kunalibe, ndipo tikabwerera tidzayambanso kudikira pamzere. Ndinanyamula chikwama, ndinati tiyeni kwathu.

A Nachisale sanadzuke. Mayi amenewa chikwatiranireni sanandiyankhepo pagulu. Tsiku limenelo anati, "Abambo, ngati mikandayi ndi yofunika chotero, mudzandiike nayo m'bokosi. Kumeneko palibe adzaione."

Ndinatsitsa chikwama. Ndinapempha sizasi, ndinadula ndekha kuseri kwa katani. Ulusi utaduka, mikanda inamwazika pasimenti, ina n'kulowa pansi pa kabati. Ndikutola chogwada, mnyamata uja anatola umodzi wofiira n'kundipatsira. Anaugwira ndi zala zake, abale, ndi zala zake. Sindinamuthokoze.

A Nachisale analowa. Makina anayamba kugogoda ngati chigayo chatsala pang'ono kufa. Ine maso pachitseko. Namwino wina anandiuza kuti ndisadandaule, mnyamatayo amakhala chipinda china, kungoyang'ana pagalasi ndi pakompyuta. Sanadziwe kuti kuyang'anako ndiko kunkandiwawa.

Zithunzi zinaonetsa chotupa m'chiberekero, chisanafalikire. Adokotala anationetsa zithunzizo, ophunzira awo atazungulira, onse kuloza m'kati mwa mkazi wanga, mmene ine mwini nyumba sindinaonemo chikhalire. Anati tikanachedwanso nkhani ikanakhala ina. Anawachita opaleshoni, ndipo magazi anasiya.

Mnyamata uja mpaka lero sindimukonda. Abusa, musandiyang'ane chotero, m'nyumba ya Mulungu sindinama. Sindimukonda, koma Mulungu anadzera m'maso mwake, ine osafunsidwa. Ndathokoza Mulungu ameneyo. Imirirani a Nachisale, anthu akuoneni. Basi, khalani pansi, azibambo aona mokwanira. Amayi, imbani nthungululu, kondwerani nane.

Zimene ndinataya ndi izi: mbuzi zitatu zimene ndinagulitsa kuti tipeze ndalama zoyendera, mtedza wa chaka chonse umene unafera m'tchire, chiberekero chimene chinandibalira ana asanu ndi mmodzi, ndi mikanda imene yotsalayo sikwananso kuzungulira chiuno. Mkazi sindinataye.