Thirakitala M'munda wa Bambo Bernardino

Ine, Genoveva Bernardino, wa zaka 29, wa ku Lione, mlimi wa chimanga ndi mbatatesi, ndikunena izi pa polisi ya Vila Cabral, m'mwezi wa Janeiro 1957.

Sabata yatha kunabwera mzungu wolankhula Chingerezi, wofufuza miyala ya pansi. Dzina lake sindilidziwa. Anapempha malo okumba m'munda wa bambo anga, a Bernardino. Womasulira anali mlongo wanga Hilário, amene anagwirako ntchito ku Halale. Hilário anauza bambo kuti malowo ndi aang'ono, ongokwana nyumba imodzi. Bambo anavomera, naloza kumapeto kwa munda, pachulu.

Lolemba m'mawa ndikupalira, thirakitala ya mzungu uja inalowa m'munda. Inayambira pachulu, koma siinaime. Inagwetsa chimanga mpaka pamtengo wa msuku, pamene pali manda a mayi anga. Ndinaona mtanda ukugwa, dothi la pamtumbira likukankhidwa. Khasu linandigwa m'manja.

Bambo anathamangira kutsogolo kwa thirakitala atakweza manja. Woyendetsa ankayang'ana kumbuyo. Chitsulo chakutsogolo chinawagunda mwendo wamanzere, nagwa. Ine ndinali mizere ngati khumi kuchokera pamenepo. Fupa linali panja.

Mzungu uja ndi Hilário anafika akuthamanga. Ndikumanga mwendo wa bambo ndi nsalu yanga, awiriwo anayamba kukangana. Chingerezi sindimva, koma mawu awa anawabwereza kambirimbiri. Mzungu ankati, "Fote yadi sikweya." Hilário ankati, "Fote sikweya yadi." Kenako mzungu anajambula pansi ndi ndodo, bwalo lalikulu ndi kena kakang'ono. Hilário anayang'anitsitsa, nakhala pansi.

Ndinamufunsa, "Achimwene, akuti chiyani?"

Anayankha, "Akuti sikweya ikabwera kumapeto, ndi mayadi makumi anayi mbali iliyonse. Ikabwera pakati, ndiye kamalo kang'ono kaja. Ine ndimayesa n'chimodzimodzi."

Tinanyamulira bambo m'galimoto ya mzunguyo kupita kuchipatala kuno. Pokwera bambo anangonena kuti, "Mukawafunditse amayi anu." Lachiwiri anawadula mwendo pansi pa bondo.

Nditabwerera kumudzi, ndinapeza Hilário akubwezera dothi pamanda ndi manja. Ndinamupatsa khasu, anakana. Atamaliza anaimika mtanda, nalowera njira ya kumtsinje. Mpaka lero sanabwere. Ndafunsa kwa abale onse ku Lione ndi ku Assumane, palibe wamuona.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Chidindo cha chala: Genoveva Bernardino