Grace Wanga ndi Huta ya Kumgodi

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndaima pano kuti ndichitire umboni za mwana wanga Grace.

Achikulire mukukumbukira Kitwe wa masiku aja, ufulu utangobwera. Miyala ya kopa ili pa mtengo wokwera, amuna anga ali kalaliki kumgodi, ife akazi tikutchena ngati tsiku lililonse ndi Khirisimasi. Ndimawasowa masiku amenewo!

Koma m'nyumba mwanga munalibe mtendere. Grace ankakula osayankhula bwino. Ukamuitana, zii. Apongozi anga anati, "Mwanayu mwamusokoneza. Panja Chibemba, m'nyumba Chinyanja. Ndipita naye kumudzi ku Malawi akamve chiyankhulo chimodzi." Bambo ake anavomera. Mtima unandiwawa, abale, unandiwawa. Mwana mmodzi yemweyo!

Ndili mkati momulongedzera zovala, huta ya mgodi, chiphokoso chija choitanira anthu kuntchito, inalira. Mukuikumbukira huta ija, yodzutsa ndi zidakwa zomwe? Ana anzake anatseka makutu. Grace osatembenuka n'komwe. Anangoika dzanja pagalasi la zenera lomwe linkanjenjemera, n'kumaseka. Ndinati, "Amayi, si Chibemba ayi. Mwanayu samva."

Kuchipatala cha mgodi anamupatsa kachipangizo kovala m'khutu. Ine ndinkayesa zatha. Ayi ndithu! Ankakavula n'kumalira. Adokotala anati phokoso likulowa tsopano, koma ubongo wake sunaphunzire kusankhamo mawu. Galu, wailesi, mawu a mayi ake, zonse kwa iye zinali chiphokoso chimodzi.

Ndinazimitsa wailesi ya bambo ake, ija ankainyadira kuposa ine. Anadandaula, koma anazolowera. Tsiku ndi tsiku ndinkakhala ndi Grace pamphasa, maso ndi maso, liwu limodzilimodzi. Ndikatopa ndinkalira, ndikalira ndinkapemphera, ndikapemphera ndinkayambiranso.

Tsiku lina tili pamsika, m'kati mwa phokoso lonse lija, iye anali patsogolo. Ndinamuitana ndili kumbuyo kwake, "Grace!" Anatembenuka, abale. Anatembenuka! Anati, "Wee, amayi?" Tomato yense amene ndinagula ndinamutaya pansi, ndipo sindinamutole.

Kumudzi sanapite. Ndi uyo wakhala apoyo, wanyamula mdzukulu wanga. Zikomo Yesu, zikomo. Tsono amayi nonse muli muno, kondwerani nane. Imbani nthungululu mokweza, musanyengerere ayi. Akumva!