Mpweya Umodzi wa Mayi Ingebjørg Rauset

Abusa, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzaperekeza, amene tikuwagoneka lero ndi Mayi Ingebjørg Rauset. Adabadwa m'chaka cha 1941 pa famu ya Skardet kuno kuchigawo cha Telemark, m'banja la malemu Bambo Aslak, woimba nyimbo zamakolo, ndi malemu Mayi Tone. Wowerengane ndine Sveinung, mlongo wawo wotsiriza.

Sukulu adayambira pamudzi pompano, ndipo aphunzitsi adatopa nawo msanga chifukwa cha mafunso. Chidawazunguza mutu achemwali angawa n'chakuti ndakatulo zimene kusukulu zinkangowerengedwa, kunyumba bambo athu ankaziimba. Adakaphunzira zauphunzitsi ku Notodden, nabwerera kudzaphunzitsa ana kuno mpaka kupuma pantchito. Mu 1965 adakwatiwa ndi malemu Bambo Tarjei Rauset, woweta mbuzi. M'tchalitchi muno adali a kwaya, ndipo palibe mbusa amene adachoka pa mpingo uno osapanikizidwa nawo pakhomo atatha kulalikira.

Monga mukudziwa, nyimbo yakale kwathu kuno sitoledwa pawailesi. Umakhala pansi ndi mwiniwake kufikira atakuvomereza, ndipo usanaiimbe pagulu umayamba watchula amene adakupatsa. Achemwali ndiwo adalandira machuni onse a bambo athu. Ana awo sadawafune machuniwo, inenso mawu anga mukuwamva nokha. Nkhani imeneyi inkawadya mumtima.

Amuna awo atamwalira, adabwereketsa khola lawo, limene lidatsala lopanda mbuzi, kwa anyamata anayi atsitsi lalitali, oimba nyimbo zaphokoso za magitala zotchedwa metal. Tsiku lina masana makapu adayamba kugwedera m'kabati ndi phokoso la kukholako, ndipo iwo adavala jekete kuti akawapirikitse anyamatawo. Koma atafika pakhomo adaima, pakuti m'phokoso lonselo adazindikira mawu a ndakatulo yakale imene adakhala akuphunzitsa ana. Adalowa, nazula waya pakhoma, nafunsa woimba wa gululo, Vetle Bjåland, kuti: "Iwe, mawu ngati chitseko chadzimbiriwo ukuwatulutsa bwanji osatsokomola? Tabwerezanso ndione pakhosipo." Vetle atabwereza, iwo adati: "Zodabwitsa ndithu. Koma chuni palibe apa. Mawa mubwere kunyumba, ndipo muyambe mwasamba."

Umo ndi momwe machuni a bambo athu adakumanira ndi magitala. Anzawo ena a ku mipikisano ya nyimbo zamakolo adasiya kuwapatsa moni, ati agulitsa maliseche a makolo. Zidawapweteka, sindibisa, koma chidwi chidakula kuposa manyazi. Adayenda ndi gululo m'mizinda, atavala zachikhalidwe, thonje lili m'makutu, ndipo akatsika pansanja ankagwira achinyamata mikono kuwafunsa tanthauzo la mphini zawo.

Nyimbo imodzi yokha ndiyo adaumira. Ndi ndakatulo ya munthu wodutsa paphiri m'nyengo yachisanu kubwerera kwawo, imene bambo athu ankaimba pamaliro pokha. Mzere wake wotsiriza ndi wautali, ndipo umaimbidwa ndi mpweya umodzi. Vetle ankaudziwa bwino, koma nthawi zonse ankapumira pakati, ndipo achemwali adakana kumuvomereza. "Wolemba sadaike popumira pamenepo, iwe ndiwe yani? Munthuyo ukumusiya paphiri aume ndi chisanu?" Vetle nkuti: "Amayi, mapapo ine ndili nawo awiri okha." Iwo nkuti: "Bambo anga adali ndi limodzi, ndipo ankasuta kaliwo."

Chaka chatha adapezeka ndi khansa yapakhosi, ndipo mawu adayamba kuzima. Tonse tidaona kuti nyimboyo ilowa nawo m'manda, popeza munthu wina wovomerezeka padalibe. Ndidawapempha kuti, "Achemwali, ingomupatsani mwanayu, kampweya kamodzi kangatani?" Adangondiloza chitseko. Vetle, bambo wandevu zaimvi tsopano, adasiya fodya, nayamba kukwera mtunda wa Skardet m'mawa uliwonse akuimba, mpaka oyandikana nawo kumaganiza kuti mutu wazungulira. Masana ankapita kuchipatala kukaimba pambali pa bedi, achemwali maso ali pachifuwa chake ngati namwino. Akapumira pakati, iwo ankatembenukira kukhoma.

M'sabata yawo yomaliza, Vetle adaufikitsa mzerewo kumapeto, nkhope itachita psu, manja atagwira chitsulo cha bedi. Achemwali adamukodola kuti aweramire pafupi, namunong'oneza kuti: "Tsopano ukhoza kunditchula." Tidalira tonse, koma iwo adali asadamalize. "Ukaiimbe m'tchalitchi, ndi ng'oma ndi magitala omwe. Ndakhala ndikudzifunsa ngati matabwa akale a tchalitchicho angapirire. Chondiwawa n'chakuti ndidzakhala patsogolo penipeni, koma osamva kanthu." Adatisiya Lamlungu m'mawa.

Mayi Ingebjørg Rauset asiya ana awiri, Gro ndi Eilev, adzukulu asanu, chidzukulutudzi chimodzi, alamu awo Mayi Signe, ndi ine mlongo wawo. Asiyanso anyamata anayi aja, amene mukuwaona atapanikizana pabenchi lakumbuyo m'masuti obwereka.

Abusa alola, ngakhale nkhope yawo mukuiona. Amene muli ndi makutu ofewa, thonje lili pakhomo, koma ndikupempha kuti mumvetsere m'malo mwa malemu, ndipo wina ayang'anitsitse denga. Vetle, bwera kuno kutsogolo. Uyambe watchula amene adakupatsa.

Phokoso likatha, achemwali athu apumule mu mtendere.